Mapu a M'foni Akamalankhula Motsika: Malangizo kwa Madalaivala ndi Akabaza

Mlimi wa mthirira akaona kuti madzi sakufika m'munda, sayamba ndi kunyoza mtsinje. Amayenda m'mbali mwa ngalande kufufuza pamene patsekeka. Mawu a Google Maps amene amakuuzani pokhotera nawonso amadutsa pa zipata zitatu asanalowe m'khutu mwanu: chipata cha pulogalamu ya mapuyo, cha foni, ndi cha wayilesi ya galimoto kapena mahedifoni. Chimodzi chikangotsekeka, mumaona kamuvi kakuyenda bwinobwino pa sikirini koma m'galimoto muli zii. Ambiri amene amabwera kudzadandaula kuti mapu awo salankhula amakhala kuti akulimbana ndi chipata chimene chilibe vuto.

Musaipeputse nkhaniyi. Munthu amene sakumva mawu amayang'ana foni, ndipo akamayang'ana foni ndiye kuti msewu wausiya. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Masekondi atatu okha mukuyang'ana pansi, mwayenda mamita 50 osaona kutsogolo. Pa M1, pamene njinga zonyamula makala, mbuzi ndi ana a sukulu zimayenda m'mphepete momwemo, mamita 50 ndi ambiri zedi. Choncho zonse zimene ndinene pano muzichite galimoto itaima, makamaka musananyamuke pakhomo.

Chipata choyamba: pulogalamu ya mapu

Tsegulani Google Maps, dinani kachithunzi kanu kumtunda kudzanja lamanja, sankhani Settings, kenako Navigation. Pa mafoni ena pamalembedwa Navigation settings. Mukalowa mupeza Guidance volume, pamene pali zosankha zitatu: Softer ndi mawu otsika, Normal ndi apakatikati, Louder ndi okweza. Wa minibasi, wa lole, wa kabaza, ndi aliyense amene amayenda mawindo ali otsegula, asankhe Louder basi. Normal ndi wa galimoto yaing'ono yotseka magalasi. Softer ndimamuona kuti ngwothandiza usiku pokhapokha, pamene ana agona kumbuyo.

Pamalo omwewo pali Mute state, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amakodwa. Muted amatseka mawu onse, Unmuted amatsegula onse. Pakati pawo pali Alerts only, amene amangolankhula za zinthu monga ngozi kapena kuchulukana kwa magalimoto kutsogolo, koma za pokhotera sanena kanthu. Munthu amamva foni italankhulapo kamodzi n'kuganiza kuti zonse zili bwino, mpaka atapitirira mphambano yake. Zosankha zomwezi zimapezekanso pa kachizindikiro ka sipika kamene kamaoneka kudzanja lamanja ulendo ukayamba, ndipo n'kosavuta kukakhudza ndi chala mosadziwa pamene mukuika foni pa choimikira. Mawu akangosowa mwadzidzidzi, yambani kuyang'ana kasipika kameneko.

Musatuluke musanadine Play test sound. Foni imalankhula chiganizo choyesera, ndiye mumadziwa pomwepo ngati mawu akutuluka komanso kumene akutulukira.

Chipata chachiwiri: foni

Foni ya Android ilibe voliyumu imodzi. Ili ndi ya kulira kwa foni munthu akamaimba, ya alamu, ya kukambirana pa foni, ndi ina yotchedwa Media, yomwe ndi ya nyimbo ndi mavidiyo. Mawu a mapu amatsatira ya Media imeneyi. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti Lamlungu munatsitsa mawu mpaka pansi kuti vidiyo ya pa WhatsApp isakuchititseni manyazi m'tchalitchi kapena pamaliro, ndiye Lolemba foni ikulira mokweza ngati kale koma mapu ali duu. Louder amene munasankha uja sangathandize ngati Media ili pansi, chifukwa iye amangowonjezera pa mlingo umene foni yalola.

Lamulo limene muyenera kulisunga ndi ili: kwezani mawu pa nthawi imene mapu akulankhula. Dinani Play test sound, ndipo mawuwo ali mkati kanikizani batani lokwezera la m'mbali mwa foni. Mukatero mumakhala mukukweza voliyumu yoyenerayo. Pa iPhone izi n'zofunika kwambiri, popeza mukakanikiza batanilo palibe chimene chikulankhula, mukhoza kungokweza kulira kwa foni.

Yang'ananinso timabowo ta sipika. Pa mafoni ambiri tili kunsi, pomwe choimikira foni chimagwira, ndiye mawu amatsamwitsidwa. Fumbi la mwezi wa Okutobala nalonso limadzaza m'menemo. Pukutani ndi mswachi wouma, mofatsa. Singano ayi, imaboola kansalu ka mkati.

Chipata chachitatu: wayilesi ya galimoto

Apa ndiye pali ntchito. Foni ikalumikizana ndi galimoto pa Bluetooth, mapu amatumiza mawu awo ku wayilesi. Koma ngati inu mukumvera MBC kapena Zodiak pa FM, wayilesi zambiri siziulutsa zimene zikubwera pa Bluetooth. Sipika ya foni yakhala chete poganiza kuti galimoto ikulankhula, galimoto nayo ikuimba zake. Mawu amathera m'malere.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, sinthani wayilesi ichoke pa FM ipite pa Bluetooth, nyimbo muzimvera za m'foni, ndipo mapu akafuna kulankhula nyimbozo zimatsika zokha. Yachiwiri, ngati simungasiye nkhani za pa wayilesi kapena mpira, bwererani ku Navigation muzimitse Play voice over Bluetooth. Mawu azitulukira pa sipika ya foni, FM ikupitiriza. Ine ndimalimbikitsa yachiwiriyi kwa amene ali ndi galimoto zochokera ku Japan, ma Sienta, Vitz, Probox ndi anzawo, zomwe wayilesi zake zidakali ndi zolemba za Chijapanizi zimene palibe amatha kuwerenga. Kulimbana ndi mabatani osadziwika uli pamsewu n'kudziputira ngozi.

Ena amagwiritsa ntchito kachipangizo kolowetsa poyatsira ndudu, kamene kamalandira mawu a foni n'kuwaulutsa pa FM. Kumbukirani kuti wayilesi zakale za ku Japan zimagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, choncho kachipangizoko mukatchere pa nambala yosapitirira 90 pomwe palibe siteshoni ina. Apa mavoliyumu amakhala atatu, ya foni, ya kachipangizo ndi ya wayilesi. Kwezani ya foni ifike pafupi ndi pamwamba, kenako muzisintha ya wayilesi yokha. Mukachita mosemphanitsa, kutsitsa foni n'kukweza wayilesi, mumakweza chiphokoso cha shii pamodzi ndi mawuwo.

Pali vuto lina lobisika. Bluetooth ikakhala nthawi osatumiza kanthu imakhala ngati yagona, ndipo imachedwa pang'ono kudzuka. Mawu oyamba a chiganizo amadulidwa, mwina omwe amanena kuti kumanzere kapena kumanja. Mukaona zimenezi, siyani nyimbo ziziimba motsika kuti njirayo ikhale yotseguka, apo ayi lumikizani ndi waya wa AUX. Amene galimoto zawo zili ndi Android Auto kapena Apple CarPlay adziwe kuti zambiri zimasunga voliyumu ya mapu payokha, ndipo imasinthika mukapotokola batani la wayilesi pamene mapu akulankhula. Ndi lamulo lija lomwelo.

Mukamamva kabelu m'malo mwa mawu

Foni ikamangoti ngii pokhotera osalankhula, ndiye kuti mawuwo sanatsitsidwe bwino m'foni kapena akufunika atsopano. Yatsani data kapena lumikizani Wi-Fi, tsegulani mapu, muyambitse ulendo ndi kuwasiya kanthawi kuti atsitse. Chitani zimenezi muli mtauni musanapite kumene netiweki imavuta. Mafoni ena otsika mtengo a Android Go, monga ena a Itel ndi Tecno, amabwera ndi Google Maps Go, yomwe imafuna pulogalamu ina yapadera, Navigation for Google Maps Go, kuti izitha kulankhula. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ina ya mapu yotchedwa Waze apite ku Settings, kenako Voice and sound. Nakonso kuli mwayi wosankha kuti mawu azitulukira pa sipika ya foni.

Kwa a njinga zamoto

Achimwene a kabaza, mphepo ndi injini zimameza sipika ya foni, n'chifukwa chake ambiri mumavala timahedifoni mkati mwa chipewa. Valani khutu limodzi lokha, lamanzere. Kwathu kuno timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo galimoto yokupitirirani imadutsa kudzanja lanu lamanja, choncho khutu lamanja likhale lomva hutala. Musakwezenso mpaka kumapeto. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo imatsika ndi theka. Inu mumakhala pamsewu tsiku lonse, injini ikulira kale pansi panu. Zimitsani nyimbo musiye mapu okha, adzamveka popanda kukweza kwambiri. Khutu likamalira lokha madzulo mutaweruka, ndiye kuti masana munapyola muyeso.

Pomaliza kuyesa, musayesere m'nyumba mwakachetechete. Lizani injini, tsegulani mawindo mmene mumayendera, yatsani wayilesi pa mlingo umene mumaukonda, ndiyeno dinani Play test sound. Mawuwa amalankhula Chingerezi ndipo mayina a misewu yathu amawapotoza, moti Chilambula kapena Masauko Chipembere mwina simungawazindikire. Zimenezo zisakuvuteni. Zimene muyenera kumva bwino ndi mamita amene atsala, mbali yokhotera, ndi nambala ya potulukira pa raundabauti. Ngati kusiyanitsa second exit ndi third exit kukukuvutani galimoto itaima, kwezaninso pang'ono kapena sunthani foni ibwere pafupi ndi chiwongolero.