Chotchinga cha kumbuyo kwa thanki ya nsomba chisalowe m'madzi

Kutentha kwa Okutobala uno kwaulula vuto lomwe lakhala likubisala m'mathanki a nsomba za m'nyumba muno mu Blantyre. Madandaulo ndi amodzimodzi, kaya achokera ku Namiwawa, ku Chilomoni kapena ku Limbe: madzi achita mbuu, nsomba zili pamwamba kukamwa yasa, kukacha ziwiri zayandama chagada. Eni ake amathamangira kuloza chala chakudya kapena madzi a pampopi. Koma ukasuzumira bwino umapeza chithunzi cha pakalendala, katoni kapena thabwa lopaka penti zili m'madzi momwemo, zomatidwa m'kati mwa galasi la kumbuyo.

Chotchinga n'chofunika ndithu. Chimabisa mawaya ndi mapaipi, chimachepetsa kuwala kochokera kumbuyo, ndipo nsomba zimakhazikika zikakhala ndi mbali imodzi yosaonekera. Koma malo ake ndi kunja kwa galasi. Chizolowezi chomata m'kati, ati kuti mitundu iwale bwino, takhala tikuchiletsa koma anthu sakumva.

Pepala likakhala m'madzi masiku ochepa limafewa n'kuyamba kunyenyeka. Zinyenyeswazo zimakatseka siponji ya fyuluta, chipangizo chosefa madzi, madzi n'kumayenda mofooka. Inki ndi guluu zimasungunukira momwemo. Penti wa mafuta ndiye woopsa kwambiri, makamaka kwa oweta mbuna. Kunyanja, m'miyala ya ku Cape Maclear, Nkhata Bay kapena Likoma, mbuna imaswera tsiku lonse ikupala ndere ndi timano take. M'thanki siisiya khalidweli. Ndere zikangomera pathabwa lanulo, imapala ndere ndi penti yemwe, zonse kumeza. Pulayiwudi nayo imafufuma n'kusendeka, ndipo matabwa ena amakhala othiridwa mankhwala a chiswe, amene nsomba siingapirire.

Choipitsitsa ndi kampata kotsala pakati pa chotchinga ndi galasi. Zakudya zotsala ndi ndowe za nsomba zimaunjikana m'menemo, momwe kapaipi kotsukira sikafika, n'kumaola, kutulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni kwa nsomba. Nsomba za m'nyanja ya Malawi zimafuna madzi a pH (muyezo wa asidi m'madzi: nambala ikakwera, asidi ndi wochepa) ya cha m'ma 8, otentha madigiri 24 mpaka 28, ndipo pH ikakhala yokwera chonchi amoniya amapweteka kwambiri kusiyana ndi m'madzi a pH yotsika. Madzi akatenthanso ululu wake umawonjezeka, pomwe mpweya wabwino m'madzimo ukuchepa, zoolazo zikudyanso womwewo. N'chifukwa chake thanki yomwe inkaoneka bwino mu Juni ikupha nsomba lero. Magetsi akangothima masana pampu n'kuima, nsomba zimayamba kufa dzuwa lisanalowe.

Bambo wina wa ku Lunzu, mlimi wodziwa bwino za chambo m'madamu, adagulira ana ake thanki ya masentimita 90 m'litali, 30 m'lifupi ndi 40 kuya. Adaimikamo pulayiwudi yojambulidwa mapiri. Atachenjezedwa adaseka, akuti kudamu amathiramo ngakhale manyowa a nkhuku nsomba osafa, nanga kathabwa kangatani. Adaiwala kuti damu limasunga malita zikwizikwi pomwe thanki yakeyo ndi malita 108 okha. Mbuna ina yothamangitsidwa ndi yaimuna idathawira kuseri kwa thabwalo n'kukanirira. Banja lonse lidaganiza kuti yadyedwa ndi mphaka, mpaka fungo lidaulula. Pofika nthawiyo zinzake zinali zitayamba kale kufa.

Ndipo kukonza kwake sikophweka. Mukhuthule madzi, nsomba zidikire m'chidebe, mchenga uvunduke. Ambiri pokwiya amatsukanso siponji ndi madzi a pampopi okhala ndi klorini, kupha mabakiteriya omwe amachotsa amoniya. Kuti abwerere pamatenga masabata 4 mpaka 6, nsomba zotsalazo zikuvutika.

Tsono chitani izi, makamaka thanki isanathiridwe madzi, poti lita imodzi ndi kilogalamu imodzi ndipo thanki yodzaza simungaisunthe popanda kuika galasi pachiswe. Sankhani mtundu umodzi, wakuda kapena wabuluu woderako. Zithunzi za maluwa ndi mathithi zimangophimba kukongola kwa nsomba. Pewani kalirole ndi mapepala onyezimira okulungira mphatso, chifukwa mbuna yaimuna imalimbana ndi chithunzithunzi chake osapuma. Pukutani galasi kunja ndi sipiriti, kenako pakani penti wa madzi ndi karola kakang'ono, kawiri kapena katatu, kudikira kuti aume musanabwereze. Kapena gulani vinilo (pulasitiki yopyapyala yomata) kwa olemba zikwangwani, mudule mopitirira sentimita imodzi mbali zonse, muwaze galasi ndi madzi a sopo pang'ono, mumate n'kusalaza ndi khadi kuchokera pakati kupita m'mphepete. M'mphepete mwa pamwamba matanimo tepi kuti madzi odontha asalowe kuseri. Siyani masentimita 10 pakati pa thanki ndi khoma. Amene akufunabe chotchinga chooneka ngati miyala cha m'kati agule chopangidwira mathanki a nsomba, achimate ndi guluu wa silikoni wopangidwira mathanki a nsomba, osasiya mpata. Silikoni wa kubafa ali ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndipo amapha nsomba.