Nanzikambe wanu ndi wamphongo kapena wamkazi? Yang'anani patsinde pa mchira

Mwana wanga wachisamba adabwera nako pakamtengo kuchokera kumunda wa thonje kuno ku Ngabu, kananzikambe kotalika ngati chala changa chamkombaphala. Agogo ake adakuwa kuti akakataye, kakaluma sikasiya. Ine ndidamulola kuti akasunge, chifukwa nanzikambe alibe ululu, ndipo ntchentche ndi ziwala amatha. Madzulo ake mwana adandifunsa: "Ababa, kameneka n'kakamuna kapena kakakazi?"

Ambiri amayamba ndi mtundu wa khungu. Pamenepo musatayepo nthawi. Nanzikambe wathu wa kuchigwa kuno, uja wa tizikopa tonga makutu kumbuyo kwa mutu, amabiriwira akamasuka, amada akapsa mtima kapena akamaothera dzuwa m'mawa, amayera akagona. Wamphongo ndi wamkazi onse amatero.

Poyang'ana ndi patsinde pa mchira. Musankhe m'mamawa kusanatenthe, poti dzuwa la kuno la Okutobala limalefula ngakhale munthu. Musamugwire pamimba kapena kumukoka mchira. Ikani kamtengo patsogolo pake akwere yekha, kenaka kwezani kamtengoko kufika m'maso mwanu mumuone cham'mbali. Pezani kabowo kotulukira zoipa, pakati pa miyendo yakumbuyo. Kuseri kwa kabowoko, wamphongo amakhala potupa, chifukwa ziwalo zake zaumuna, zomwe zimakhala ziwiri, zimabisala m'menemo. Mchira wake umayamba wonenepa, kenaka n'kuwonda mwadzidzidzi. Wamkazi alibe chotupacho: mchira umangowonda pang'onopang'ono kuchokera kuthupi mpaka kunsonga. Ine ndimakonda kumuika pakati pa ine ndi khomo lotsegula, kuwala kukhale kumbuyo kwake, mzere wa kunsi kwa mchira uoneke bwino.

Kenaka onani mapazi akumbuyo. Pachidendene pa wamphongo pamakhala kanthu kotuluka, kochepa ngati njere ya mchewere, koloza kumbuyo. Kwa wamkazi chidendene chimakhala chosalala. Ngati maso akuvuta, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho.

Koma kamwana kongoswa kumene sikaulula msanga. Ife tidayang'ana sabata ndi sabata osaona kanthu, mpaka tidasiya kukavutitsa. Dikirani miyezi ingapo kakule. Mukafuna woyerekeza naye, tengani tochi usiku muunike m'zitsamba: akagona amayera kunsonga za nthambi, mchira atapinda ngati nkhata, ndipo saoneka movuta. Muoneni, mumusiye pomwepo. Osawaika awiri malo amodzi, amalimbana.

Mwa ananzikambe a mtundu umenewu, wamkazi ndiye amakula thupi kuposa wamphongo, ndipo kudziwa kuti muli ndi wamkazi n'kofunika kwambiri. Mvula ikamapita kumapeto, cha m'Malichi ndi Epulo, amatsika mumtengo n'kukumba dzenje panthaka yonyowa, kuikiramo mazira 20 kapena kuposa, n'kukwirira. Mazirawo amakhala pansi miyezi yambiri asanaswe. Wamkazi wotsekeredwa m'katoni, wopanda dothi lokumba, amasunga mazira m'mimba mpaka kufa nawo. Chimenechi chimandiwawa ndikachiona.

Anzathu a ku Nsanje ndikupempheni chimodzi. M'tinkhalango totsala pa mapiri a Malawi Hills muli kananzikambe kofiirira ngati tsamba louma, kotalika pafupifupi masentimita 6, kotchedwa Rhampholeon chapmanorum. Sikapezeka kwina kulikonse kunja kwa Malawi, ndipo katsala pang'ono kutheratu. Kameneko si koweta.

Wathu uja tinkamuwazira madzi pamasamba m'mawa uliwonse, poti sakonda kumwa m'mbale, amanyambita madontho. Atakula, tsinde la mchira lidakhalabe losalala, chidendene chopanda kanthu. Mu Febuluwale ndidauza mwana kuti mayiyu akufuna dothi. Adamunyamula yekha pakamtengo mpaka pamtengo wa masawu kuseri kwa khola la mbuzi, n'kukhala pansi kumuonerera akukwera, phazi limodzi, kugwedera, phazi lina.