Tulo tanga ndidatipeza kugombe

Geni yanga ya kaunjika itagwa, tulo tidandithawa. Ndinkangotembenuka pamphasa mpaka tambala woyamba, mutu uli pa ngongole ya banki m'khonde. Masana n'kudzitsekera m'nyumba, maso pafoni, ana akandiyankhula ine kuwakalipira.

Tsiku lina amayi adandifunsa kuti, "Iwe, umakhala ku Senga Bay konkuno, koma nyanja ukuionera pa Facebook?" Mawuwo adandilasa, komatu sadaname.

Ndidayamba kudzuka 5 koloko, foni n'kuisiya pansi pa pilo, ulendo wa kugombe. Kuno dzuwa limatulukira m'nyanja momwemo. Ndinkayenda mphindi 40 pamchenga wozizira, wopanda nsapato, ndikuonerera asodzi akukocheza ndi usipa, amayi atandanda ndi mabeseni kudikira kupikula. Mu Juni mwera unkandiomba kumaso mpaka misozi, koma sindidasiye.

Kuwala kwa m'mawa kumathandiza thupi kuzindikira nthawi yogona, ndipo kuyenda kumachepetsa nkhawa. Patatha masabata ngati awiri ndidayamba kugona mpaka mbandakucha. Ngongole ija ikadalipo, koma pano ndimailingalira masana, cholembera chili m'manja. Dzulo mwana wanga wamng'ono adanditsatira, ati akufuna kukatola zigoba za nkhono.