Ukapitawo Wanuwo Muusiye pa Chileka

Abale anga amene mwangofika kumene kuno ku America, za mapepala sinditayirapo nthawi. Mukamayamba ntchito mudzalemba fomu ya I-9 (yotsimikizira kuti ndinu ololedwa kugwira ntchito) ndi ya W-4 (ya msonkho), lembani mosamala, basi. Nkhani yanga ndi ya tsiku limene bwana adzakuuzeni kuti kuyambira Lolemba ndinu supavaiza. Ine tsiku limenelo ndinavina, osadziwa kuti ndikudzikumbira dzenje.

Ndinkagwira ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba kufupi ndi South Bend ku Indiana, kumene Amalawi tachuluka ngati pamsika wa Limbe. Anandikweza chifukwa sindinkajomba, shifiti sindinkakana. Koma pokhala mwana wa kapitawo wa kuesiteti ya tiyi ku Thyolo, utsogoleri umene ndinkaudziwa unali umodzi: kuima kumbuyo kwa munthu mpaka dengu lidzaze. Ndiye ndinagula kabuku. Wina akayala bedi, ine ndafika kudzakoka nsalu. Wina akalowa kuchimbudzi, ine diso pa wotchi. Mayi wina amene anayamba ntchitoyo ine ndili ku pulayimale, ndinkamuphunzitsa katembenuzidwe ka gogo pabedi.

Sanandiyankhepo. Kuno sakangana nawe, amakumwetulira n'kupita kukalemba imelo.

Kwathu bwana akamakulondalonda timati ndi wokonda ntchito. Kuno munthu amamva ngati ukumunena kuti ndi mbava kapena mbuli. Wantchito amaitana bwana wake ndi dzina loyamba, ndipo zimene amafuna kumva ndi ziwiri zokha: chofunika n'chiyani, chithe liti. Njira aipeza yekha. Musapusitsike n'kumati kuno anthu sayang'aniridwa. M'nyumba za katundu za Amazon, kamakina ka m'manja kamawerenga chilichonse chimene munthu wanyamula. Zimenezo amang'ung'udza koma amapirira. Chimene sapirira ndi mpweya wa munthu mnzake pakhosi.

Lachinayi lina anandiitana ku HR, ofesi yoona za antchito. Patebulo panali botolo la madzi, bokosi la tishu ndi fayilo yonenepa. Zonse zinalembedwa, tsiku ndi ola lomwe. Mtsikana wina anaimba foni kuti sabwera, akudwala. Ine ndinafunsa kuti wadwala chiyani, madzulo n'kumuimbiranso kuti ndimve ngati wapezako bwino. Kwathu kumeneko ndi kuzonda wodwala, umunthu. Mufayilomo zinali zoti ndimalowerera za m'thupi mwa antchito, ndipo anandikumbutsa za lamulo la ADA la 1990 loteteza anthu olumala, lomwe sililola olemba ntchito kufunsa za matenda mwachisawawa. Kenako anatulutsa mauthenga anga a pa WhatsApp a usiku, ofunsa ngati wakuti wasambitsidwa. Kodi inu mumadziwa kuti munthu wolipidwa pa ola akamayankha za ntchito ali kunyumba, nthawi imeneyo ndi yolipira? Ndipo maola akapitirira 40 pa sabata, ola lililonse malipiro ake ndi limodzi ndi theka. Ine ndinkaona khama, iwo ankaona ndalama zikutayika.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti miyezi yonseyo palibe anandikokera pambali. Ofesi yomweyo inkandiyamikira pamaso, kuseri ikudzaza fayilo. Anandipatsa pepala, akuti sayinani pongosonyeza kuti mwalandira. Ndinasayina osawerenga, mwaulemu wachimalawi, n'kuthokozanso. Kuthokoza! Patatha masabata awiri ndinatuluka pakhomo nditanyamula katoni.

HR si ankhoswe anu, achimwene. Amalipidwa kuti ateteze kampani. Musasayine kanthu musanawerenge, ndipo pemphani kope lanu. Musadikire zoti akumvani kaye mbali yanu monga limanenera lamulo la ntchito kwathu. Kupatula ku Montana, kulikonse kuno bwana angakuchotseni popanda kupereka chifukwa, bola chisakhale choletsedwa ndi lamulo monga tsankho, pokhapokha muli mu yuniyoni kapena muli ndi kontirakiti yonena zina. Ngati mukuona kuti vuto ndi khungu lanu kapena dziko lochokera, kudandaula ku EEOC, bungwe la boma loona za tsankho pa ntchito, ndi m'masiku 180, m'madera ambiri 300. Koma musanamizire tsankho pamene vuto ndi kabuku kanu. Ndipo inu a viza ya ntchito ya H-1B, ntchito ikatha muli ndi masiku osapitirira 60 oti mupeze ina, ndiye ukapitawo si masewera anu.

Akakupatsani udindo, pemphani maphunziro a usupavaiza musanayambe. Funsaninso ngati akusamutsirani pa salale, chifukwa nthawi zambiri ovataimu imathera pomwepo ndipo mutha kumalandira zochepa kuposa amene mukuwayang'anira. Nenani zofunika kamodzi, momveka, kenako chokanipo. Wolakwa mulankhule naye awiri, osati pagulu. Akaweruka, foni yake isiyeni.

Kabuku kaja ndidakali nako m'galimoto. Masiku ano ndimalembamo maola anga a kufakitale ya ku Elkhart.