Kalembedwe ka nkhondo ya mumlengalenga yoti owerenga asaiwale

Nkhondo zambiri za m'mabuku a nthano za sayansi zimaiwalika munthu akangotseka buku. Zombo 500 zaphulika, moto uli ponseponse, koma kukacha owerenga sakumbuka ngakhale chimodzi. Chifukwa chake n'chakuti sanauzidwe kuti mdani ali patali bwanji, nthawi yatsala yochuluka bwanji, komanso chimene chombo sichingathe kuchita ngakhale kapitao atafuna bwanji. Munthu amene sadziwa malire sachita mantha. Ndiye musanalembe chiganizo choyamba, tengani pepala lina lowerengetserapo.

Yambani ndi mtunda. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kuchokera ku Mwezi, womwe uli pa mtunda wa makilomita 384,400, kumafika kuno m'masekondi 1.3. Uthenga wa wailesi wochokera ku Mars umatenga mphindi 3 mpaka 22, malingana ndi pomwe mapulaneti awiriwa ali. Kapitao wanu akakhala kufupi ndi Mars sangafunse akuluakulu ake a pa Dziko kuti "Tiwombere kodi?" n'kuyankhidwa pomwepo. Yankho lidzamupeza ataganiza kale yekha, ndipo likafika lingakhale loletsa zimene wachita kale. Pamenepo muli ndi nkhani musanawombe mfuti n'imodzi yomwe.

Tiyerekeze kuti zombo ziwiri zatalikirana makilomita 600,000. Zimene wowombera akuona pa makina ake zinachitika masekondi 2 apitawo. Akawomba laser, chida chowombera kuwala kwamphamvu, kuwalako kutenganso masekondi 2 kuti kufike. Onse pamodzi ndi masekondi 4. Chombo cha mdani chikamakankhidwira kumbali ndi mphamvu ya 1 g, yofanana ndi imene Dziko limatikokera pansi, m'masekondi 4 amenewo chikhala chitasuntha pafupifupi mamita 80. Ngati chombocho n'chotalika mamita 50, wowomberayo waphonya. Tsopano zisendezeni mpaka makilomita 30,000. Kupita ndi kubwera kwa kuwala kwatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi, ndipo mdani angasunthe masentimita 20 okha. Sangazembenso. Mwapeza mzere wa imfa wa nkhondo yanu: wina akufuna kuwoloka mzerewo, wina akufuna kukhala kunja kwake. Uzani owerenga za mzerewu msanga, kudzera m'kamwa mwa mmodzi wa ogwira ntchito m'chombo, ndipo nambala iliyonse imene wa pa rada adzatchule pambuyo pake idzawadumphitsa mtima.

Mzinga woyenda makilomita 30 pa sekondi umatenga maola 5 ndi theka kuti udutse makilomita 600,000 aja. Olemba ambiri amawadumpha maola amenewa poopa kuti owerenga atopa. Kumeneko n'kutaya nyama n'kusunga fupa. Anthu amene akudziwa kuti chinthu chowapha chikubwera, ndipo chifika 4 koloko m'mawa, amadya, amakangana, wina amalemba kalata, wina amayesa kugona osatheka. Pa mawu 3,000 a gawo lonse la nkhondo, sikulakwa kupereka 1,800 ku kudikirako.

Chachiwiri ndi kutembenuka. Mumlengalenga mulibe mpweya woti mapiko agwire, choncho chombo sichikhota ngati ndege. Chikathamangitsidwa pa 1 g kwa ola lathunthu chimafika liwiro la makilomita 35 pa sekondi, ndipo kuti chiime chiyenera kutembenuza injini kutsogolo n'kuiyatsa ola linanso lathunthu. Zombo ziwiri zikamabwera moyang'anizana pa liwiro limeneli, mtunda pakati pawo umachepa ndi makilomita 70 sekondi iliyonse. Ngati mfuti zawo zimafika makilomita 700, kuwomberana konse kutha m'masekondi 20, kenako zapitirirana, ndipo kuti zikumanenso papita maola, ngati mafuta alipo. Lembani papepala lanu kuti mafuta akwanira kutembenuka kangati. Kawiri ndi nambala yabwino. Kapitao akagwiritsa ntchito kachiwiriko pothamangitsa mdani, owerenga adziwa okha kuti njira yobwerera kwawo yatsekeka.

Pa liwiro lotere mabomba safunika kwenikweni. Chitsulo cha kilogalamu imodzi choyenda makilomita 3 pa sekondi chimamenya ndi mphamvu yofanana ndi kilogalamu imodzi ya TNT, mankhwala opangira mabomba, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvuyo imawirikiza kanayi. Mu 2009 masetilaiti a Iridium 33 ndi Kosmos 2251 anagundana pa liwiro loposa makilomita 11 pa sekondi n'kusanduka zidutswa zambirimbiri zimene zinapitiriza kuzungulira Dziko. Choncho chombo chimene mwaphwanya sichizimirira. Zidutswa zake zimapitiriza ulendo pa liwiro lomwelo, kulunjika komwe chinkapita, mwina kwa amene wachiphwanyayo.

Pali china chimene olemba oyamba kumene amachiiwala pafupifupi nthawi zonse: kutentha. Mopanda mpweya, chombo sichizizira ndi mphepo. Kutentha kumatuluka pang'onopang'ono kudzera m'mapanelo, ndipo n'chifukwa chake siteshoni ya mumlengalenga ya ISS ili ndi mapanelo oyera akuluakulu momwe mumazungulira amoniya wonyamula kutenthako. Pa nkhondo mapanelo oterewa ndi oyamba kuthyoka. Akawapinda kuti atetezeke, m'chombo mumayamba kutentha, ndipo kuwomba kulikonse kumawonjezera. Apatseni anthu anu malire, tinene kuwomba ka 12 makina asanayambe kuzima okha, ndipo wina aziwerenga mokweza.

Malamulo onsewa ayenera kudzalidwa nkhondo isanafike, pa nthawi ya mtendere. Mu Dune, buku la Frank Herbert la 1965, owerenga amaphunzira koyambirira, pa masewero ophunzitsana kumenya, kuti chishango cha thupi chimatchinga chilichonse chobwera mwaliwiro koma mpeni wobwera pang'onopang'ono umalowa. Patsogolo, Paul, mnyamata amene bukuli likukamba za iye, akamamenyana ndi munthu wina dzina lake Jamis wopanda chishango, chizolowezi chake chochedwetsa mpeni chimamupangitsa kuoneka ngati akusewera ndi mnzakeyo. Lamulo linaphunzitsidwa pamene panalibe ngozi, kenako linadzaluma mwini wake. Chitani chimodzimodzi: lamulo lililonse limene lidzagwire ntchito pa nkhondo lioneke mitu iwiri kapena itatu m'mbuyo, mwina pa kukonza makina kapena pa kuphunzitsa mlendo. Mukaima pakati pa kuwomberana kuti mufotokoze mmene chida chimagwirira ntchito, mwazimitsa moto ndi manja anu. Ndipo chida chatsopano chotulukira mwadzidzidzi kudzapulumutsa anthu anu ndi chinyengo. Owerenga amachizindikira ndipo sakhululuka.

Tsopano sankhani maso amodzi. Nkhondo yoonedwa kuchokera kumwamba, gulu ili kumanzere gulu ilo kumanja, imafanana ndi lipoti. H. G. Wells, mu The War of the Worlds ya 1898, anaonetsa nkhondo ya sitima ya Thunder Child ndi makina a ku Mars kudzera m'maso mwa munthu amene ali pa sitima ina yodzaza ndi othawa. Sakumenya nawo, koma moyo wake wadalira nkhondoyo, ndipo utsi ukaphimba nyanja iyenso saona bwino mathero ake. Munthu wanu asadziwe zonse. Amene ali ku chipinda cha injini amaidziwa nkhondo kudzera mu kunjenjemera kwa pansi, magetsi akuthima ndi kuyaka, ndi mawu oduka a pa wailesi. Musapitirire anthu anayi otchulidwa mayina m'gawo limodzi, ndipo ngati mukufuna kusintha maso, dikirani mpaka podukira gawo.

Munthuyo ali ndi thupi, ndipo thupi ndi limene owerenga amalikhulupirira. Pa 5 g, munthu wa makilogalamu 70 amalemera ngati 350. Kukweza dzanja kuti asindikize batani ndi ntchito. Magazi amathawa kumutu, mitundu imayamba kuzilala, m'mbali mwa maso mumada, kenako amakomoka. Oyendetsa ndege zankhondo amapirira 9 g kwa kanthawi kochepa chifukwa cha zovala zofinya miyendo ndi mimba komanso kulimbitsa minofu. Injini ikazima, kulemera konse kumachoka, magazi a wovulala amayandama ngati timikanda, ndipo amene wawomba mfuti osagwirira kanthu amabwerera m'mbuyo akuzungulira.

Chombo chikabowoka mpweya wonse n'kutha, munthu saphulika, ndipo sauma ndi chisanu nthawi yomweyo. Amakhala ndi masekondi 10 mpaka 15 asanakomoke, ndipo akayesa kusunga mpweya m'chifuwa mapapo amawonongeka. Mu 1966 Jim LeBlanc wa ku NASA, bungwe la za mumlengalenga la ku America, akuyesa chovala cha mumlengalenga m'chipinda chopopedwa mpweya, paipi yake inachoka. Chimene anakumbukira asanakomoke chinali malovu akubwadamuka pa lilime. Kanthu kamodzi ngati kameneka kamaposa ndime yonse ya mawu ofotokoza kuopsa.

Ngati mukufuna kuona mmene ngozi imayendera m'chombo chenicheni, onani zimene zinachitika pa siteshoni ya mumlengalenga ya dziko la Russia ya Mir pa 25 June 1997. Chombo chonyamula katundu cha Progress chinagunda chipinda cha Spektr n'kuchibowola. Anthu atatu amene anali m'siteshonimo anamva makutu akutseka, chizindikiro choti mpweya ukutuluka. Njira yopulumukira inali kutseka chipindacho, koma pa khomo pake panadutsa mawaya, ndipo Aleksandr Lazutkin ndi Michael Foale anayenera kuyamba awachotsa, ena n'kuwadula. Atatseka anapulumuka, koma mawaya amenewo ndi amene ankabweretsa magetsi ochokera ku mapanelo a dzuwa a Spektr, ndipo siteshoni inatsala ndi magetsi ochepa. Umu ndi mmene gawo la nkhondo liyenera kumangidwira: vuto, chotchinga chaching'ono chimene dzanja lingagwire, ndi yankho limene likubala vuto lina. Katatu pa gawo limodzi n'kokwanira. Kukapitirira kasanu owerenga amachita dzanzi.

Kunja kwa chombo kulibe phokoso. Chombo cha mdani chikaphulika mumangoona kuwala, kwinako kuli zii. Phokoso limamveka chikagundidwa chanu, likuyenda m'zitsulo. Apa Chichewa chili ndi chuma chimene muyenera kuchigwiritsa ntchito mosamala, chomwe ndi mivekero, mawu ngati "zii" ndi "kho". Umodzi pa malo oyenera umagwira ntchito. Isanu m'ndime imodzi imasandutsa nkhondo kukhala nthano ya ana. Kalumikizidwe ka aneni ndi "n'ku-" kamathamangitsa zochitika popanda kudula ziganizo zonse kukhala zidutswa. Onani chitsanzo ichi:

"Makilomita 31,000," anatero Nabanda. Chitsulo cha pansi chinali chitatentha moti ankachimva kudzera mu nsapato. Kuwomba kunatsala kawiri. Pa galasi kadontho kaja kanawala kamodzi n'kuzima, kunja kuli zii. Kenako china chake chinagunda kumbuyo, kho, ngati munthu wagogoda chitseko, ndipo makutu ake anatseka. Anamasula lamba n'kudzikankha ndi phazi n'kugwira chogwirira cha khomo, koma pa khomopo panadutsa paipi ya madzi ozizira imene iye mwini anaidutsitsa dzulo.

Nambala yoyambayo ikuopsa chifukwa owerenga akudziwa za mzere wa 30,000. Paipi ija iyenera kukhala itaoneka m'mutu wam'mbuyo. Onaninso kuti palibe mawu akuti "anachita mantha".

Pa mayina a zida, musavutike ndi mayina aatali achingerezi. Anthu ogwira ntchito amapatsa makina awo mayina awoawo, monga amachitira madalaivala ndi amakaniko. Mfuti yaikulu imene imatenga nthawi kuti izizire angaitchule Gogo. Tchulani dzina lake lenileni kamodzi, kenako Gogo basi.

Nkhondo ikakhala pansi, pa Mwezi kapena pa Mars, werengetsaninso. Pa Mwezi munthu amalemera gawo limodzi mwa magawo 6 a kulemera kwake kwa kuno, mwala woponyedwa umapita kutali ka 6, ndipo fumbi silichita mtambo koma limakwera n'kugwa msanga chifukwa kulibe mpweya woligwira. Popeza Mwezi ndi waung'ono, munthu woimirira pa chigwa amaona mpaka makilomita 2.4 okha, theka la mtunda umene amaona pa Dziko, choncho mdani amatulukira ali pafupi kale.

Mukamaliza kulemba, jambulani mapu a nkhondoyo pogwiritsa ntchito zimene zili pa tsamba zokha, osati zimene zili m'mutu mwanu. Ngati simungathe kuika chombo chilichonse pa malo ake pa ndime iliyonse, owerenganso sangathe. Werengani zipolopolo, mafuta ndi mphindi kuti muone ngati zikugwirizana ndi pepala lowerengetsera lija. Wowerenga watcheru adzaona kuti mfuti ya kuwomba ka 12 yawomba ka 15. Kenako patsani munthu amene sanawerengepo bukulo gawo lokhalo, n'kumufunsa mafunso atatu: ndani amafuna chiyani, zinthu zinasintha pati, ndipo chatayika n'chiyani. Akalephera funso lachitatu, bwererani ku mutu wotsatira nkhondoyo mukaone ngati bowo lija lidakalipo, ngati chipinda chotsekedwa chidakali chotseka, ndiponso ngati pa nthawi ya chakudya pali mpando wopanda munthu.