Mmene ndimakonzera katalisti wa nickel wosandutsa gasi kukhala hydrogen

Wophunzira akabwera koyamba mu labu mwathu, ndimayamba ndamuonetsa kabotolo ka ufa wakuda bii kamene kamakhala pashelefu yanga. Ufawo unali katalisti wabwinobwino, kutanthauza chinthu chofulumizitsa kusintha kwa makemikolo koma icho chosatha. Ndinaupha ndekha tsiku lina masana, chifukwa ndinatsegula gasi wa methane pampu ya madzi opangira nthunzi isanayambe kukoka.

Zimene timafuna ndi izi: molekyulu imodzi ya methane ikumane ndi imodzi ya nthunzi, zibale imodzi ya carbon monoxide ndi zitatu za hydrogen. Msakanizo umenewu ndiwo syngas. Ndi umene kampani ya Sasol imapanga ku Sasolburg, ku South Africa, ndi gasi wochokera ku Pande ndi Temane ku Mozambique, yemwe wakhala akubwera pa paipi kuyambira 2004. Popanda nickel, methane ndi wamakani, safuna kusweka.

Kuti mupeze pafupifupi magalamu 10 a katalisti wokhala ndi nickel 10 peresenti, pimani magalamu 9 a alumina (ufa woyera wa timibowo umene umanyamula nickel) ndi magalamu 4.95 a nickel nitrate hexahydrate, mchere wobiriwira uja. Valani magolovesi, mchere wa nickel umayabwa ndipo fumbi lake ndi loopsa m'mapapo. Musanasungunule mcherewo, dontholezani madzi pa galamu imodzi ya alumina mpaka iyambe kumatana, kuti mudziwe madzi amene imamwa. Chulukitsani muyesowo ka 9, musungunule mcherewo m'madzi amenewo basi. Mukachulutsa, nickel amatsalira m'mbali mwa mbale m'malo molowa m'timibowo. Thirani pa alumina pang'onopang'ono uku mukutakasa ngati mukuyambitsa phala la mwana.

Umitsani usiku wonse pa madigiri 110 Celsius. M'mawa lowetsani m'ng'anjo, kwezani moto pang'onopang'ono kufika 500, mudikire maola anayi. Pamatuluka utsi wofiirira wapoizoni, ndiye fani yokokera mpweya kunja ikhale ikulira. Musakopeke kukweza moto kufika 800 poganiza kuti zipsa bwino. Nickel amakwatirana ndi alumina, ufa n'kukhala wabuluu, ndipo kuti mumulekanitse mudzavutika.

Apa katalisti akadali mtulo, pakuti ndi nickel oxide. Muikeni m'chubu, pitirizani nitrogen kuti mpweya wa kunja uchoke, fufuzani podontha ndi thovu la sopo, kenako pitirizani hydrogen maola awiri pa madigiri 700. Hydrogen amachotsa oxygen n'kusiya nickel weniweni. Ndiye wadzuka.

Tsopano pamene ndinalakwa ine. Nthunzi ndiyo iyambe, methane pambuyo. Pozimitsa, methane ndiye ayambe kutsekedwa. Mamolekyulu a nthunzi akhale atatu pa atomu iliyonse ya carbon. Methane akafika yekha pa nickel wotentha, amasweka n'kusiya mwaye. Mwaye wake si wongokuta pamwamba ngati wa pa poto ayi: umamera ngati timizu, kunyamula tinjere ta nickel, mpaka katalisti kuphwanyika kuchokera m'kati. Ine ndinangoona geji ya presha yakutsogolo ikukwera, chubu chitatsekeka kale. Masiku ano ndimadikira mpaka ndione madzi akudontha kumapeto kwa chubu, ndipo pokhapo ndimagwira vavu ya methane. Komanso musasiye nthunzi yokha nthawi yaitali, imabweza nickel kukhala oxide. Kahydrogen pang'ono kazipita nayo limodzi.

Mdani wachiwiri ndi salufa, ndipo amapha mwakachetechete. Geji siisuntha, koma methane wotuluka osasweka amangowonjezekera. Ngati mukugwiritsa ntchito biogas ya ndowe, fungo la dzira lowola lija ndi hydrogen sulphide, gasi wa salufa. Gasiyo ayambe wadutsa pa zinc oxide wotentha madigiri 350 mpaka 400, yemwe amagwira salufayo. Kuzemba gawo limeneli n'kutaya ntchito ya sabata yonse.

Anzanga a kumudzi amakonda kufunsa za ethanol, poti ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amatcheza wambiri kuchokera ku molasesi. N'zotheka, ndipo papepala n'zokoma: molekyulu imodzi ya ethanol ndi zitatu za madzi zimapereka zisanu ndi imodzi za hydrogen. Koma katalisti ndafotokozayu musamudalire pamenepo. Alumina ali ndi asidi pamwamba pake, amalanda ethanol madzi n'kusiya ethylene, ndipo ethylene amabala mwaye msanga kuposa methane. Ine ndimawonjezera magnesium kapena ceria (oxide ya chitsulo cha cerium) kuti asidiyo azilale. Chitsulo cha rhodium m'malo mwa nickel chimachita bwino koposa, koma mtengo wake abwana akaumva amangoseka.

Pozimitsa, musalole chubu kuzizira muli carbon monoxide. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 200, gasi ameneyu amagwirana ndi nickel n'kupanga nickel carbonyl, poizoni wakupha ngakhale atachepa chotani. Tsukani chubu ndi nitrogen chikadali chotentha, ndipo nitrogen azipitabe mpaka chizizire choti mungachigwire ndi dzanja.