Akati 30 pa wailesi, inu muziwonjezerapo

Anzanga a ku Mulanje ndi Thyolo, mukamva a zanyengo pa wailesi akuti lero kutentha kufika madigiri 30 musamati akunama ayi, nkhani ndi yoti kachipangizo kawo koyezera kutentha kamakhala m'kabokosi koyera kolowa mphepo, kosawombedwa ndi dzuwa, pakapinga, pafupifupi mita ndi theka kuchokera pansi. Ndiye inuyo muli padzuwa m'munda wa tiyi kaya m'nyumba ya malata yopanda siling'i, zifanana bwanji? Komanso malo. Siteshoni ya zanyengo ya ku Bvumbwe ili kumtunda kozizirirako, nambala yake musapite nayo ku Muloza, kumeneko kumawotcha zenizeni.

Chomwe chimatipweteka kwambiri kuno kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi chinyezi. Mvula ikagwa usiku m'mawa dzuwa n'kuswa mtengo, mpweya umadzaza nthunzi, thukuta siliuma ndiye thupi limalephera kuzizira, umangokhala nyanyatenyanyate ngati wadzola uchi. Pafoni muziyang'ananso pomwe alemba humidity (chinyezi) ndi feels like (kutentha komwe thupi likumva), osati chinambala chachikulucho chokha. Ineyo humidity ikadutsa 70% khasu ndimaliika pansi 10 koloko isanakwane, chigubu cha madzi pambali. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire, thawirani pamthunzi msanga, mumwe Thanzi ngati alipo.